Kusanache, pa mpando wa kukhitchini

Foni yanga imagona m'kabati ya mbale, pakati pa mapoto ndi chibotolo cha mchere. Ikangokwana 9 koloko usiku ndimaizimitsa n'kuitsekera mmenemo. Mwana wanga wamkulu, amene pano ali Fomu 2, atandiona koyamba anafunsa kuti, "Amama, mukuibisira akuba kodi?" Ndinamuuza kuti wakuba amene ndikumuopa ndi foniyo. Inandibera m'mawa wanga kwa zaka zambiri, ndipo inkaba ine ndikuona.

Ndine mphunzitsi wa Sitandade 3 pa sukulu ina ya pulayimale kuno ku Lilongwe. M'kalasi mwanga muli ana oposa 90, ambiri amakhala pansi. Ndimanyamuka pakhomo 6:30, ndipo isanafike nthawi imeneyo phala liyenera kukhala litapsa, madzi osamba atatentha, ana atatu atavala, ndiwo za masana zitaganiziridwa. Amayi anzanga akudziwa zimene ndikunenazi. M'mawa wa mayi suli wake. Ndiye anthu akamva kuti tsiku lililonse ndimakhala mphindi pafupifupi 40 ndekha ndi Mulungu kusanache, ena amati ndili ndi mphatso, ena amati ndilibe zochita. Onsewa sanalondole. Ndinalephera kambirimbiri ndisanafike pamenepa, ndipo ngakhale lero ndimagwabe.

Munthu woyamba amene ndinamuona akuchita zimenezi ndi agogo anga aakazi, kwathu ku Dowa, mbali ya ku Mvera. Ndinakulira m'manja mwawo kuyambira ndili ndi zaka 6. Tinkagona chipinda chimodzi, iwo pa mphasa yawo, ine pa yanga. Tambala wachiwiri akalira ndinkamva chofunda chikusuntha, kenako mawondo akulira kuti gwede, ndiye ndadziwa kuti agwada. Sankayatsa koloboyi, chifukwa palafini anali wa usiku wa matenda. Ankayamba ndi nyimbo, osati mokweza, ya m'mphuno chabe. Akatero ankatchula mayina. Ana awo onse mmodzimmodzi, amalume amene anapita ku Joni osabwerako, ife zidzukulu, mbuzi, munda wa kudambo, abusa, mfumu ya m'mudzi, ngakhale mayi wina amene anali asakulankhulana naye chifukwa cha malire a munda. Dzina langa likatchulidwa ndinkadzifunditsa kumutu kuti asadziwe kuti ndili maso. Mayina akatha ankakhala chete nthawi yaitali, moti ndinkaganiza kuti agonanso chogwada. Kenako ankadzuka, kutenga khasu, ulendo wa kumunda mame asanaume.

Agogo sanapite patali ndi sukulu. Buku limene ankatha kuwerenga linali limodzi, Buku Lopatulika, ndipo ankalinyadira ngati analemba ndi abale awo. Mwa njira ina anali ndi chifukwa. Mishoni ya Mvera inayamba mu 1889 ndi Andrew Charles Murray ndi T.C.B. Vlok, ndipo ntchito yaikulu yomasulira Baibulo m'chinenero chathu inachitikira komweko, pa phiri la Kaso, motsogozedwa ndi William Murray pamodzi ndi aphunzitsi a kuno kwathu. Buku lonse linatuluka mu 1922. Tikamadutsa cha kumeneko agogo ankaloza ndi chibwano n'kunena kuti, "Mawu anaphikidwira apo, ife tikungodya." Buku lawo linali lakuda ndi utsi, masamba a Masalimo atafewa ngati nsalu.

Tsiku lina ndinawafunsa kuti, "Agogo, mukamaliza kupemphera mumakhaliranji chete?" Anandiyang'ana n'kunena kuti, "Iwe mwana, ukapita kwa amfumu ndi nkhani, ukamaliza kulankhula umangonyamuka? Sudikira kuti nawo anenepo?" Ndinaseka, osamvetsa. Zinanditengera zaka zoposa 30 kuti ndimve.

Ku sekondale ndinalowa SCOM, bungwe la ophunzira achikhristu, ndipo kumeneko anatiphunzitsa kukhala ndi nthawi ya chete m'mawa uliwonse, Baibulo ndi kope m'manja. Zinali zabwino, ndipo ndimawathokoza amene anatiphunzitsa. Koma kusukulu yogonera komweko belu ndi limene linkatidzutsa. Nditatuluka, belu kunalibe. Ukwati, mimba, matewera, ntchito. Nthawi ya chete inasanduka chinthu chimene ndinkalonjeza pa 31 December paliponse m'tchalitchi, n'kuchisunga mpaka pakati pa January.

M'malo mwake ndinayamba kukonda mapemphero akuluakulu. Kukamveka kuti kuli mapemphero a usiku wonse, ine ndilipo. Ndinakwerako phiri la Bunda kangapo ndi amayi anzanga, tikusala kudya, kufuula mpaka mawu kusasa. Pa WhatsApp ndinali m'magulu anayi a mapemphero. Lina linkadzutsana 12 koloko usiku, lina 3 koloko m'bandakucha. Munthu atumize mawu ojambula a mphindi 15, wina ayankhe "Amen" ndi timanja ndi timoto, ine ndili m'bulangeti, maso pa foni. Ndikachoka pa pempherolo ndione uthenga wa kusukulu, kuchoka apo Facebook, kuchoka apo mtengo wa zitenje za mayi wina wogulitsa pa intaneti. Pozindikira 1 koloko yakwana. M'mawa ndidzuke mochedwa, mutu ukuwawa, ndikalipire ana, ndithamangire kabaza.

Sindikunyoza phiri kapena mapemphero a usiku. Alipo anthu amene anathandizikadi kumeneko, ndipo Ambuye Yesu mwini ankakwera phiri kukapemphera. Koma ndinene zoona za ine mwini. Usiku umodzi wofuula unali wophweka kwa ine kuposa mphindi 20 za chete tsiku ndi tsiku. Pagulu pali nyimbo, pali anzako okuona, thupi limatenthedwa lokha. Ndikatsika phiri ndinkamva ngati ndalipiriratu mwezi wonse, ndipo masabata atatu otsatira Baibulo linkangokhala pa tebulo litafundidwa kansalu. Munda sulimidwa choncho. Amene amalima tsiku limodzi mpaka kukomoka n'kusowa mwezi wonse amakolola udzu.

Zinthu zinasintha mu January 2021. Ambiri mukukumbukira mwezi umenewo. Pa 12 January nduna ziwiri, a Sidik Mia ndi a Lingson Belekanyama, zinamwalira tsiku limodzi ndi Covid-19, ndipo sukulu zinatsekedwanso. Sabata yotsatira achimwene anga, amene anandilipirira fizi kuyambira Fomu 1 mpaka kukoleji ya uphunzitsi, anayamba kubanika. Masiku asanu okha. Sitinaone nkhope yawo. Panalibe kugona pa siwa, panalibe nyimbo za usiku, panalibe amayi a Chigwirizano odzaza bwalo monga timachitira. Tinaima patali titavala zotseka pakamwa, bokosi likutsitsidwa ndi anthu osawadziwa. Masiku asanu aja ndinali nditapemphera kuposa nthawi ina iliyonse pa moyo wanga. Ndinadzudzula, ndinalamula, ndinatumiza dzina lawo m'magulu onse anayi.

Titabwerako kumanda mawu anandithera. Ndikati ndigwade, pakamwa pankauma. Tulo tinathawa. Ndinkadzuka cha m'ma 3 koloko, n'kupita kukhitchini kuti ndisasokoneze bambo a kunyumba, n'kukhala pa kampando kathabwa kamene ndimakhalira pophika. Osapemphera, osawerenga. Kungokhala mu mdima, manja pa maondo.

Ndili pamenepo ndinayamba kumva zinthu zimene zinkachitika masiku onse ine ndili m'tulo kapena pa foni. Galu wa kutsidya. Tambala woyamba. Magalimoto onyamula katundu pa msewu wa M1, kutali. Kenako azana ya kumzikiti wa m'dera lathu. Nyumba yoyandikana nafe ndi ya banja la Chisilamu lochokera ku Mangochi, ndipo azana ikamveka ndinkamva chitseko chawo chikutseguka, madzi akukhavukira pansi pamene bambo wa m'nyumbamo akusamba m'manja, kumaso ndi mapazi, kenako masilipasi phwa phwa kulowera kumzikiti. Tsiku lililonse. Kuzizire, kugwe mvula. Mwezi wa Ramadan utafika mu April chaka chimenecho, nyali ya kukhitchini kwawo inkayaka isanakwane nthawi ya azana, mayi akukonza daku.

Tsiku lina tikuyanika zovala ndinawafunsa mayiwo kuti, "Kodi amayi, simutopa kudzuka chonchi chaka chonse?" Anati, "Kutopa timatopa, aphunzitsi. Koma swala ili ndi nthawi yake. Siidikira kuti mtima ufune." Iwo amaswali kasanu pa tsiku. Chikhulupiriro chathu n'chosiyana, iwo akudziwa ndipo ine ndikudziwa, koma mawu amenewo anandilowa. Ine moyo wanga wonse ndinkadikira kuti mtima ufune.

Buku loyamba kulitsegulanso linali la Masalimo, ndipo limene linandigwira ndi Salimo 88. Masalimo ambiri odandaula amayamba ndi kulira n'kutha ndi chiyembekezo. Limeneli ayi. Limayamba ndi kulira, n'kuthera mu mdima. Wolembayo sanadzikakamize kumaliza ndi aleluya, ndipo amene anasonkhanitsa Malembo sanalichotse. Ndinaliwerenga m'mawa uliwonse kwa masabata awiri ndi tochi, ndikulira, ndipo aka kanali koyamba kumva kuti ndingathe kukhala pamaso pa Mulungu ndili wokwiya naye, osanamizira.

Sukulu zitatsegulidwa ndinafotokozera mnzanga wa Sitandade 6, mayi wa Chikatolika amene amabwera kuntchito wapansi korona ali m'manja. Ndinamuuza kuti masiku ano sindipemphera, ndimangokhala. Anandigwira dzanja n'kunena kuti, "Asisi, kumenekonso n'kupemphera." Iye ndi amene anandiuza za amonke akale a m'chipululu cha ku Egypt, monga Antony amene anamwalira mu 356, anthu amene anasiya mizinda kukafuna chete. Anandiuzanso za John Cassian, amene anakhala pakati pawo ndipo cha m'ma 420 analemba zimene anaphunzirako. Chimodzi mwa izo chinali kutenga vesi limodzi lalifupi, loyamba la Salimo 70, lopempha Mulungu kuti afulumire kuthandiza, n'kumalibwereza mumtima tsiku lonse. Anati akale aja ankayerekeza kusinkhasinkha Mawu ndi ng'ombe yobzikula. Pamenepo ndinamva msanga, pakuti ndinawetako ng'ombe za amalume. Ng'ombe imadya mothamanga masana, koma chakudya chimalowa m'thupi madzulo, itagona pansi, maso atatsinzina pang'ono, nsagwada zikuyenda pang'onopang'ono. Ine ndinkadya maulaliki, mavesi a pa WhatsApp, mawu a pa wailesi, koma sindinkabzikula.

Ndinadabwanso kumva kuti zimenezi zinayambira mu Africa mommuno. Ndinkaganiza kuti kukhala chete n'kumamvetsera mpweya wako ndi za azungu kapena amwenye a pa TV.

Tsopano ndifotokoze mmene ndimachitira, chifukwa ambiri amene amandifunsa amafuna zimenezi.

Zonse zimayamba madzulo. Ichi ndi chimene ndinachedwa kuchizindikira. Zaka zonse ndinkalimbana ndi m'mawa, pamene nkhondo inali itatayika kale usiku. Tikangodya mgonero mbale zimatsukidwa nthawi yomweyo, osati mawa. Makala ndimaikiratu pa mbaula, ndi tinkhuni toyatsira pambali. Madzi a phala ali m'poto, ufa uli pafupi, mayunifomu apachikidwa. Baibulo, kope, cholembera ndi tochi ndimaziika pa kampando kaja, pamwamba pake chitenje chofunda. Foni m'kabati. Pofika 9:30 ndagona. Magulu anayi aja ndinatulukamo atatu, ndipo anthu ena anakhumudwa, wina mpaka anandiimbira kufunsa ngati ndabwerera m'mbuyo. Ndinamuyankha mwaulemu kuti ayi, koma sindinabwereremo.

Wotchi yodzutsa ndilibe. Imandidzutsa ndi azana, ndipo thupi linazolowera moti nthawi zambiri ndimatsegula maso isanayambe. Nthawi yake imayenda ndi dzuwa. Mu November, pamene kumacha msanga, imamveka cha m'ma 4 koloko. Mu June ndi July imayandikira 5 koloko. Ndiye nyengo yozizira nthawi yanga imafupika, nyengo yotentha imatalika, ndipo ndinasiya kulimbana nazo.

Ndikatsegula maso sindidzifunsa ngati ndikufuna kudzuka. Funso limenelo yankho lake ndimalidziwa. Ndimatulutsa mapazi mu neti n'kuponda pansi, simenti yozizira imamaliza yokha ntchito yotsalayo. Ndimasukusula ndi madzi ozizira, kumwa kapu imodzi, n'kukhala pa kampando msana uli chilili, osatsamira khoma. Ndikatsamira ndimagona. Kugwada ndinayesa, koma bondo lamanzere limayamba kulankhula pakatha mphindi zisanu, ndiye maganizo onse amathera pa bondo.

Mphindi 10 zoyamba sindinena kanthu. Ndimangomvetsera mpweya ukulowa ndi kutuluka. Pokoka mpweya ndimati mumtima "Ambuye", potulutsa "ndili pano". Basi. Wina angaganize kuti n'zophweka. Ayese. Usanafike kupuma kachisanu ngongole ya banki m'khonde yafika kale. Kumbuyo kwake kuli mawu amene ahedi ananena pa msonkhano, fizi ya teremu ikubwerayi, mlamu amene sanabweze poto. Kale ndinkakwiya nawo maganizo amenewa, kuwadzudzula ngati ziwanda, ndipo ankangochuluka. Pano ndimachita nawo ngati nkhuku zolowa m'nyumba. Suzithamangitsa ndi chikuni, ungaswe mbale. Umangoziongolera kukhomo, ndipo ukudziwa kuti zibweranso. Ganizo likabwera ndimaliona, n'kubwerera ku "Ambuye, ndili pano." Lina likakakamira kwambiri, monga kuti lero ndi tsiku lomaliza kupereka malikisi, ndimayatsa tochi, kulilemba pa tsamba lomaliza la kope, n'kuzimitsa. Likalembedwa limakhala pansi.

Kenako ndimawerenga salimo limodzi. Masalimo alipo 150. Salimo 119 lili ndi mavesi 176 ogawidwa m'zigawo 22 za mavesi 8, ndiye limenelo ndimalipatsa masiku 22. Zonse pamodzi ndi masiku 171, moti pa chaka ndimazungulira kawiri n'kutsala masiku ochepa. Ndinayesapo kumaliza Baibulo lonse pa chaka, machaputala 1,189, atatu kapena anayi pa tsiku. Ndinafika ku Levitiko ndikuthamanga ngati wotsalira basi, osakumbukira zimene ndawerenga dzulo. Kuwerenga kotero kuli ndi malo ake, ndipo ndimachita Lamlungu masana. Koma m'mawa ndi salimo limodzi, kawiri, monong'ona kuti makutu amve. Pa ulendo wachiwiri pamakhala mawu amodzi kapena chiganizo chimene chimandikola ngati chisoso pa chitenje. Ndimaima pamenepo. Ndimachibwereza, kuchitembenuza, kuchifunsa. Ndimachilemba m'kope ndi deti lake, mzere umodzi kapena iwiri.

Pali salimo limodzi limene ndimabwererako ngakhale si tsiku lake, Salimo 131. Lili ndi mavesi atatu okha. Wolembayo akuti wautontholetsa mtima wake ngati mwana woleka kuyamwa ali pa amayi ake. Ndinaliwerenga kambiri ndili mtsikana osaonapo kanthu. Ndinadzalimva nditaletsa kuyamwa ana atatu. Mwana woyamwa ukamuika pa miyendo sakhazikika. Mutu uli pachifuwa, dzanja lili m'bulauzi, akufunafuna, ndipo ukachedwa akulira. Amakukonda, inde, koma akufuna bere. Ndiye imafika sabata yovuta ija yomuletsa. Amalira usiku wonse, amakumenya ndi timanja, amakuyang'ana ngati wamupereka kwa adani, ndipo iwe mabere akuwawa, mtima ukuwawa, koma sumupatsa. Pakapita masabata angapo, tsiku lina madzulo ukusankha nyemba, amabwera yekha, kukwera pa miyendo, kutsamiritsa mutu, n'kungokhala. Sakufuna kanthu. Akufuna iwe.

Nditaona zimenezi m'salimo lija ndinalira pa kampando paja mpaka kunja kunayera. Zaka zonse ndinali mwana wa dzanja m'bulauzi. Pemphero langa linali mndandanda wa zofuna, ndipo Mulungu akachedwa ndinkakweza mawu. Sindikunena kuti achimwene anamwalira kuti ine ndiphunzire phunziro. Mawu otero ndimadana nawo, ndipo amene anandiuza zotero pa maliro sanandithandize. Imfa yawo ndi chilonda mpaka lero. Ndikungonena kuti m'miyezi imene ndinalibe chopempha, ndinapezeka ndili pa miyendo, ndipo sindinathamangitsidwe.

Kupempha sindinasiye. Ndikamaliza salimo ndimatchula mayina monga ankachitira agogo. Bambo a kunyumba, ana, alamu anga amasiye ndi ana awo, amayi kumudzi. Ana a m'kalasi ndinawagawa potsata kaundula, asanu pa tsiku, kuti pa mwezi aliyense atchulidwe kamodzi. Pamapeto ndimatchula munthu mmodzi amene sindikumufuna. Nthawi zonse amakhalapo. Dzina limenelo limatuluka movuta ngati minga, ndipo sindinganame kuti ndikangolitchula chikondi chimabwera. Koma n'kovuta kumunena munthu masana pamene unamutchula pamaso pa Mulungu m'mawa. Ndimatseka ndi Pemphero la Ambuye, pang'onopang'ono, n'kuyatsa mbaula.

Zosokoneza zilipo, ndipo zina sizimaganiziridwa ndi amene amalemba za nkhanizi ali m'nyumba za madzi otentha. Kwathu kuno madzi akasowa masiku awiri amakonda kubwera 3 koloko usiku. Mpopi ukayamba kutsokomola uyenera kudzuka kutunga, apo ayi mawa ulibe chophikira. Masiku otero ndimakhala pa chidebe chovundikira pafupi ndi mpopi, n'kumachita chete wanga madzi akulowa mu ndowa, ndipo phokoso lake likasintha ndimadziwa kuti yadzaza. Mu June kampando kamazizira ngati mwala, ndimavala masokosi a bambo ndi juzi ziwiri. Mu October ndi udzudzu. Nthawi ya dzinja mvula ikamamenya malata sindimva ngakhale kunong'ona kwanga, koma amenewo ndi masiku amene ndimawakonda, chifukwa palibe amene angadzuke. Mwana akadwala malungo, pemphero ndi kumupukuta thupi ndi kansalu konyowa. Kumaliro, titagona amayi 30 m'nyumba imodzi, ndimangokhala tsonga pamene ndagonapo, chitenje kumutu.

Choopsa kwambiri si zimenezi. Ndi kamawu kaja kakuti tsiku limodzi siliwoza mbewa. Mwambiwu ndi woona, koma ine unkandinamiza, chifukwa tsiku limodzi linkabala lachiwiri, lachiwiri n'kubala sabata, ndipo sabata ikatha manyazi ankandiletsa kubwerera. Ndinkadziuza kuti ndidzayambiranso bwinobwino pa 1 mwezi wa mawa. Pano lamulo langa ndi lakuti ndikaphonya lero, mawa ndikhalepo, ngakhale mphindi zisanu, ndipo sindibweza ngongole ya dzulo. Kumbuyo kwa kope ndimaika kadontho tsiku lililonse limene ndakhalapo. Chaka chatha masiku opanda kadontho anali 38. Ambiri anali a mu December, tili kumudzi pa tchuthi, pamene ndinalibe chifukwa chilichonse. Zimenezo zinandiphunzitsa kuti chimene chimandigwetsa si kutanganidwa koma kusowa kwa ndondomeko. Chaka chino popita kumudzi ndinanyamula kope ndi tochi, n'kusankhiratu mwala wa kuseri kwa nkhokwe tsiku lofika lomwelo.

Ndisakunamizeni kuti m'mawa uliwonse kumwamba kumatseguka. Pa masiku 10, mwina awiri ndi amene ndimamva kukoma. Ena ndi owuma, salimo limangodutsa, ndimasinza, ndimadzuka pa kampando ngati sindinachite kanthu. Malipiro sanakwere, shuga sanatsike mtengo, bondo silinachire. Amene akufuna njira yotsegulira madalitso a ndalama, iyi si imeneyo, ndipo ndimamva chisoni ndikaona amayi anzanga akupereka ndalama ya ndiwo kuti agule mafuta odzozera kapena madzi a m'botolo, pamene chimene mtima wawo ukulira ndi kupuma.

Kusintha kumene kulipo anayamba kukuona ndi ena, ine ndisanakuone. Ndinali mphunzitsi waukali. Ndodo sindinkagwira, koma pakamwa panga pankamenya. M'kalasi mwanga chaka chatha munali kamnyamata kena kosakhazikika, kobwera mochedwa tsiku lililonse, malaya akuda, kope lopanda chikuto. Tsiku lina kanagwetsa botolo langa la madzi pa mapepala a mayeso amene ndinali nditachonga usiku wonse. Kalasi yonse inati zii, kudikira bingu. Ndinamva moto ukukwera kuchokera m'mimba, monga kale. Koma pakati pa motowo ndi pakamwa panapezeka kampata kakang'ono, kokwana kupuma kamodzi. M'kampata kameneko ndinakumbukira kuti dzina lake ndinalitchula m'mawa womwewo, linali m'gulu la asanu a tsikulo. Ndinaona kuti manja ake akunjenjemera, ndiponso kuti milomo yake ndi youma. Ndinati, "Tenga chitenje icho upukute." Pa nthawi yopuma ndinamuitana n'kumufunsa ngati wadya. Anali asanadye kuyambira dzulo masana. Amayi ake anali m'chipatala, ndipo iye ndi amene ankaperekeza mng'ono wake kwa azakhali m'mawa uliwonse asanabwere kusukulu. Miyezi isanu ndinkamukalipira chifukwa chochedwa, osafunsapo.

Usiku ndisanagone ndimatenga mphindi zisanu zina, nditakhala m'mphepete mwa bedi. Izinso anandiphunzitsa ndi mnzanga wa Chikatolika uja, akuti zinachokera kwa wansembe wina wakale, Ignatius wa ku Loyola. Ndimayenda m'tsiku lonse kuyambira m'mawa, n'kufunsa kuti ndi pati pamene ndinalandira chabwino, ndi pati pamene ndinalakwira munthu. Ndikapeza kuti ndi wa m'nyumba momwemo, ndimapepesa usiku womwewo. Bambo a kunyumba poyamba ankadabwa nazo. Iwo sadzuka nane, ndipo ndinasiya kuwakakamiza. Koma tsiku lina mabatire a tochi atatha, ndinapeza atsopano ali pa kampando, pamwamba pa Baibulo, iwo osanenapo kanthu.

Sabata yatha, Lachitatu, azana itangotha, ndinamva chitseko cha kuchipinda kwa ana chikulira. Ndinaganiza kuti wina akupita kuchimbudzi. Anali wamkulu uja wa Fomu 2, atadzikulunga bulangeti. Anaima pakhomo la khitchini kanthawi. Masiku amenewa zinthu sizikumuyendera bwino ndi anzake kusukulu, ndipo sakufuna kunena. Ndinasuntha miyendo. Anakhala pansi pa simenti, n'kutsamiritsa mutu pa bondo langa, lomwe lija lowawa.

"Amama, ndinene chiyani?"

"Usanene kanthu. Ungopuma."

Tinakhala choncho mpaka masilipasi a bambo oyandikana nafe anamveka akubwerera kuchokera kumzikiti. Salimo la tsikulo sindinawerenge. Ndinamupatsa machesi kuti ayatse mbaula, ine n'kuyamba kusefa ufa wa phala.